Miyezi Imene Ndilibe

Akuti ndinalipo pa ukwati wa Benedita.
Chithunzi chikuvomereza: diresi lobiriwira,
mpando wachitatu, pakamwa pali yasa,
maso ali pa kandulo ngati ndi mlendo.
Ine tsikulo ndilibe.

Zinayamba ndi chikhodzodzo.
Masitepe a nyumba yathu kuno ku Porto ndi makumi anayi,
ndipo nkhalamba siuluka.
Dokotala woyamba anandipatsa kapiritsi koyera.
Mwendo utayamba kuyaka usiku ngati makala
wachiwiri anawonjezera kachikasu,
nati kabweretsanso tulo.
Kachitatu ndinagula ndekha, kotchipa,
ka chimfine cha mungu wa maluwa.
Aliyense anali ndi chifukwa chomveka.
Palibe anafunsa mnzake.

Kukamwa kunauma gwa,
lilime ngati chigamba cha bulangeti.
M'mimba munatseka.
Diso la singano, limene ndalipeza zaka makumi asanu
ngakhale mumdima, linandithawa.
Kenako mawu.
Ndifune kunena lumo,
pakamwa n'kutuluka supuni.
Buledi anapezeka m'kabati ya nsapato.
Tsiku lina ndinaima pa mlatho wachitsulo,
Douro akuyenda phee pansi panga,
osadziwa kuti kwathu ndi tsidya liti.
Usiku ndinapeza amuna anga, Abílio,
atakhala pa makina osokera,
iwo amene tinawaika m'manda kalekale,
ndipo ndinawakalipira chifukwa cha matope a kumapazi.

Ndi ukalamba, anatero achibale,
mutu ukatha watha.
Mwana wanga Telmo ankalirira m'khitchini, madzi a pampopi akutuluka
kuti ndisamve.
Anali atakaona kale chipinda kosungira okalamba ku Gaia,
cha zenera loyang'ana khoma.

Amene anaimitsa ulendowo ndi Dulce wa ku famase,
mtsikana wa ndolo imodzi
amene ndinkamuyesa wamwano.
Anandandalika timabokosi tonse patebulo,
nawerenga, nawerenganso.
Atatuwa, anatero, ntchito zawo n'zosiyana
koma onse amagwira mwendo mthenga mmodzi,
uja amathamangitsa uthenga mu ubongo.
Wachinyamata amapirira.
Pa msinkhu wa mayi anu, katunduyu amalemera.
Musasiye nokha. Ndiimbira dokotala.

Anachotsa kamodzi. Tinadikira.
Kachikasu anakachepetsa pang'onopang'ono,
theka, kenako theka la theka,
mmene umamasulira msoko osang'amba nsalu.
Oyamba kubwerera anali malovu.
Sindinkadziwa kuti munthu angayamike Mulungu
chifukwa cha malovu.
Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinafunsa Telmo
chifukwa chimene wametera ndevu.
Anati anameta pa Isitala.
Anakhala pansi pa masitepe pomwepo,
thumba la malalanje lili m'manja.

Sizinabwerere zonse, ndisaname.
Mayina ena akadali tsidya lija,
mwina ndiwo ukalamba weniweniwo,
umene ulinso ndi gawo lake.
Mwendo ukuyakabe.
Ndimadzuka kawiri usiku,
ndipo pansi pa bedi pali chitini
chimene sitichitchula m'nyumba muno.
Koma dzulo ulusi unalowa
pa ulendo wachitatu.

Lero Benedita wabwera ndi diresi lake la ukwati
kuti ndidulepo malaya a ubatizo
a kamunthu kamene kakumupondaponda m'mimba.
Ndalifunyulula pamiyendo.
Msoko wa m'khosi ndi wanga, dzanja ndikulizindikira,
koma wayenda mokhotakhota
ngati njira ya munthu wochokera ku mowa,
ndipo iye anauvala choncho, osanena kanthu,
pamaso pa anthu onse.

Khala apa, ndamuuza, usafulumire.
Yambira pa khomo la tchalitchi.
Inagwa mvula?
Ndani anandigwira dzanja?
Ndinavina?